Kukonza ndi kusamalira ma template otulutsira mapu a malingaliro pa intaneti

Woumba njerwa akaona kuti njerwa zake zonse zikutuluka zopendekera mbali imodzi, sakhala pansi n'kuyamba kusema imodziimodzi ndi mpeni, koma amatenga chikombole n'kuchiwongola, ndipo njerwa zonse zotsatira zimatuluka zolunjika. Umu ndi mmenenso ziyenera kukhalira pamene mukusandutsa mapu a malingaliro (mind map, chojambula chokhala ndi mutu pakati ndi nthambi za mfundo zotuluka pamenepo) kukhala masamba a pa intaneti pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga FreeMind, Freeplane kapena MindManager. Mapu anu ndiwo dothi, masamba otuluka ndiwo njerwa, ndipo template ndicho chikombole. Chilichonse chimene sichikukusangalatsani pa tsamba lotuluka, kaya ndi mtundu wa zilembo, kaya dongosolo la mitu, kaya mawu a pansi pa tsamba, chiyenera kukonzedwa mu template osati pa tsambalo.

Ine ndinaphunzira zimenezi nditaluma kale chala. Tsiku lina ndinatulutsa masamba kuchokera ku mapu aakulu a maphunziro, kenako ndinatha madzulo onse ndikutsegula tsamba lililonse, kusintha mitundu, kuchotsa mizere yosafunika ndi kuika chizindikiro cha bungwe pamwamba. M'mawa mwake ndinaona kuti ndinalemba molakwika liwu limodzi pa nthambi ina, ndiye ndinalikonza m'mapu n'kudinanso Export, lamulo lotulutsa masamba, mu foda yomwe ija. Pulogalamu inalemba mafayilo atsopano pamwamba pa akale, ndipo thukuta lonse la dzulo lake linapita pachabe. Pulogalamuyo sinalakwe kanthu, inangochita ntchito imene inapangidwira.

Zimene zimachitika mukadina Export

Mapu a malingaliro amaoneka ngati chithunzi cha mtengo wa nthambi zambiri, koma m'kati mwa kompyuta amasungidwa ngati mawu oyalidwa mwadongosolo. Fayilo ya FreeMind, komanso ya Freeplane imene inaphukira ku FreeMind, imathera ndi .mm ndipo ndi XML yeniyeni, kutanthauza mawu oikidwa zizindikiro zoonetsa dongosolo lake, yoti mungathe kuitsegula ndi pulogalamu iliyonse yolembera mawu wamba. Mukaitsegula muona kuti nthambi iliyonse ndi `node`, mawu ake ali mu `TEXT`, nambala yake yoizindikiritsa ili mu `ID`, ndipo nthambi zing'onozing'ono zili m'mimba mwa nthambi imene inazibala. Fayilo ya MindManager imathera ndi .mmap ndipo ndi phukusi la zip lokhala ndi XML m'kati mwake. Mukalamula kuti mapu atuluke ngati tsamba la pa intaneti, pulogalamu imayenda nthambi ndi nthambi kuchokera pa mutu wa pakati, n'kumathira mawu a nthambi iliyonse m'malo amene template yawakonzera.

Template yeniyeniyo nthawi zambiri si fayilo imodzi. Pamakhala fayilo yonena za kayalidwe ka tsamba, imene mu FreeMind ndi Freeplane imalembedwa m'chinenero cha XSLT, chomwe bungwe la W3C linachikhazikitsa mu 1999. Pamakhala fayilo ya CSS yonena za maonekedwe, ndiye kuti mitundu, kukula kwa zilembo ndi mipata ya pakati pa ndime. Nthawi zina pamakhalanso JavaScript yothandiza kutsegula ndi kupinda nthambi, komanso foda ya tizithunzi. Musanakhudze chilichonse, dziwani kaye kuti vuto lanu lili m'gulu liti mwa amenewa, chifukwa ambiri amathamangira kusintha XSLT pa nkhani yoti mzere umodzi wa CSS ukanaithetsa.

Pezani ma template ndipo mupange kope lanulanu

M'makope a MindManager a pa Windows amene ali ndi lamulo la Export as Web Pages, ma template amapezeka mu Template Organizer pansi pa gawo la Web Templates, ndipo pamenepo mungathe kukopera template, kuipatsa dzina lina, kuifufuta kapena kuiika mu foda ya gulu lake. Potulutsa masamba mumasankha template ndi Select Template, kenako Customize imakupatsani mwayi wosintha zinthu monga mawu a pa mabatani oyendera ndi kagawidwe ka nthambi m'masamba. FreeMind imasunga mafayilo ake a XSLT mu foda yotchedwa accessories ndipo ili ndi lamulo lotulutsa mapu pogwiritsa ntchito fayilo ya XSLT imene mwasankha nokha. Freeplane imayang'ana m'mafoda awiri otchedwa xslt, ina ili pamene pulogalamu inaikidwa, ina ili mu foda ya wogwiritsa ntchito imene mumaitsegula kudzera pa Tools kenako Open user directory. Ngati foda ya xslt mulibe mmenemo, ipangeni nokha.

Template imene inabwera ndi pulogalamu musaisinthe. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo chachiwiri ndicho chimapweteka kwambiri. Choyamba n'chakuti mukasokoneza china chake mumafunika kukhala ndi yoyambirira yoti muyerekezere nayo mzere ndi mzere. Chachiwiri n'chakuti tsiku limene mudzaike kope latsopano la pulogalamu, mafayilo a mu foda yake akhoza kudzalembedwanso onse, ndipo zosintha zanu zidzasowa popanda chenjezo lililonse. Choncho koperani template imene ikuyandikira kwambiri zimene mukufuna, iikeni mu foda yanu, ndipo muipatse dzina lonena ntchito yake, monga `maphunziro-tsamba-limodzi.xsl`, osati `yatsopano2.xsl` imene pakatha miyezi itatu inu nomwe simudzakumbukira kuti inali ya chiyani.

Kwa ogwiritsa ntchito Freeplane pali kanthu kakang'ono kamene kamasowetsa anthu mtendere. Fayilo ya XSLT imaoneka pa mndandanda wa Export pokhapokha ngati pamwamba pake pali mzere wa ndemanga wokhala ndi liwu lakuti `MINDMAPEXPORTFILTER`, lotsatiridwa ndi mathero a fayilo yotuluka, monga html, kenako mawu ofotokoza amene adzaoneke pa mndandandawo. Mukakopera template ya wina n'kusiya mzere umenewu momwe unalili, mudzaona mayina awiri ofanana ndendende ndipo mudzakhala mukusintha fayilo ina uku mukutulutsa masamba ndi ina. Sinthani mawu ofotokozawo nthawi yomweyo, tsekani pulogalamu n'kuitsegulanso, ndipo mutsimikize kuti dzina latsopano laonekera musanapite patsogolo.

Mapu oyesera

Musayese template pa mapu anu enieni a nthambi mazanamazana, chifukwa cholakwika chimabisala m'khamu. Pangani mapu aang'ono a dala okhala ndi zovuta zonse zimene template ingakumane nazo: nthambi ya mutu wautali kwambiri, nthambi yopanda mawu, nthambi yozama mpaka msinkhu wachisanu ndi chitatu, ina yokhala ndi ndemanga ya ndime zingapo, ina ya chithunzi, ina ya linki yopita kunja, ina ya linki yolozera nthambi inzake, ndi ina yokhala ndi zizindikiro monga & ndi < pamodzi ndi zilembo monga ŵ ndi é. Mapu amenewa asungeni pambali pa template. Mukasintha chinthu chimodzi, tulutsani masamba mu foda yopanda kanthu n'kuona zotsatira, kenako musinthe china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi tsamba n'kutuluka loyera mbee, simudzadziwa chimene chalakwa.

Yambani ndi maonekedwe

Njira yofulumira yodziwira lamulo la CSS limene likulamulira gawo lina la tsamba ndi kutsegula tsambalo mu browser, kudina F12, n'kuloza gawolo. Browser idzakuonetsani dzina la lamulo, fayilo imene likuchokera ndi mzere wake, ndipo mungathe kuyesa mtundu wina kapena kukula kwina pomwepo n'kuona kusintha ndi maso. Kumbukirani kuti zoyesa za pamenepo zimafufutika mukangotsegulanso tsambalo, choncho mukakhutira zilembeni mu fayilo ya CSS ya mu template, osati ija yakoperedwa mu foda ya masamba otuluka. Ndi bwinonso kuika malamulo anu onse mu fayilo yapadera imene ikuitanidwa pambuyo pa CSS yoyambirira, popeza malamulo awiri olemera mofanana akawombana, limene labwera pambuyo ndilo limapambana.

Pa nkhani ya mitundu, chokongola pa mapu sichikhala chowerengeka nthawi zonse pa tsamba. Nthambi yachikasu imaoneka bwino ikazunguliridwa ndi mzere wokhuthala, koma mawu achikasu pa tsamba loyera amatopetsa maso. Malangizo a WCAG, othandiza kuti masamba a pa intaneti aziwerengeka ndi aliyense kuphatikizapo anthu olumala, amafuna kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi mtundu wa kumbuyo kwake kukhale kosachepera 4.5 kwa 1, ndipo zida za F12 m'ma browser ambiri zimakuwerengerani nambala imeneyi. Ma template ambiri akale anapangidwa anthu asanayambe kuwerenga pa foni, ndiye amakhala ndi matebulo a mulifupi wokhazikika. Onjezani mzere wa `meta` wotchedwa `viewport` wokhala ndi `width=device-width` kumutu kwa tsamba, chotsani miyezo yokhazikikayo, ndipo mugwiritse ntchito `max-width` kuti mizere ya mawu isatalike mopitirira pa sikirini yaikulu. Ngati mwasintha CSS koma tsamba likuonekabe ngati kale, musafulumire kukayikira ntchito yanu, nthawi zambiri browser imakhala ikuonetsa fayilo yakale imene inasunga, ndipo Ctrl ndi F5 zimaikakamiza kutenga yatsopano.

Kusintha kayalidwe ka tsamba

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, ndipo funso loyamba si la kompyuta ayi, ndi la wowerenga: kodi munthu wofika pa tsambali akufuna kuona mtengo wonse nthawi imodzi, kapena akufuna kuwerenga mutu umodzi bwinobwino? Mapu a mfundo za msonkhano amakwana pa tsamba limodzi. Mapu a buku la malangizo amafunika kuti nthambi yaikulu iliyonse ikhale ndi tsamba lake, ndi mndandanda woyendera pambali woonetsa misinkhu iwiri kapena itatu yokha. Ine sindionetsa misinkhu yoposa itatu pa mndandanda woterewu, chifukwa ukazama kuposa pamenepo umasanduka mapu achiwiri amene wowerenga ayenera kuwaphunziranso.

Mu XSLT, lamulo lililonse limanena kuti likakumana ndi chinthu chakuti m'mapu, lilembe chakuti pa tsamba. Lamulo la `match="/map/node"` limagwira mutu wa pakati ndipo ndi loyenera kuusandutsa `h1`, mutu waukulu wa tsamba, pomwe la `match="/map/node/node"` limagwira nthambi zazikulu n'kuzisandutsa `h2`. Vuto limabwera pamene wina walemba template yongowerenga kuzama kwa nthambi n'kupereka mutu wolingana nako, pakuti HTML, chinenero cholembera masamba a pa intaneti, ili ndi misinkhu 6 yokha ya mitu, kuyambira `h1` mpaka `h6`, pomwe mapu angathe kuzama mpaka kalekale. Nthambi ya msinkhu wachisanu ndi chiwiri imatuluka ngati `h7`, chinthu chimene kulibe, ndipo browser imangoionetsa ngati mawu wamba omatirira ku ena. Njira yabwino ndi kupereka mitu ku misinkhu itatu yoyambirira, zotsalazo n'kuzisandutsa mndandanda wa timadontho wolowerana, popeza nthambi zakuya kawirikawiri zimakhala timfundo tating'ono osati mitu.

Msampha wina umene umakola pafupifupi aliyense woyamba kulemba template ya mafayilo a .mm ndi uwu. Mwalemba `xsl:value-of select="@TEXT"`, mwayesa, zonse zatuluka, koma nthambi imodzi kapena ziwiri zabwera zopanda mawu. Mukazifufuza m'mapu mupeza kuti ndi zija munadetsamo liwu lina kapena kulipendeketsa. Nthambi yotere siisunga mawu ake mu `TEXT` monga zinzake, imawasunga mu `richcontent` ya mtundu wa `NODE`, ndipo ndemanga za nthambi nazo zimakhala mu `richcontent` ya mtundu wa `NOTE`. Template yanu iyenera kuyang'ana kaye ngati `richcontent` ilipo, n'kutenga `TEXT` pokhapokha ngati palibe. Potenga zili m'katimo gwiritsani ntchito `xsl:copy-of` kuti zilembo zodetsedwa ndi ndime zisatayike, koma mukopere zokhazo zili m'kati mwa `body`, chifukwa `richcontent` iliyonse imanyamula `html` ndi `head` yakeyake, ndipo mukazikopera zonse mudzakhala ndi timasamba tambirimbiri tomezedwa m'mimba mwa tsamba limodzi. Lembani malamulo anu motsatira XSLT 1.0, popeza makina osandutsira amene amabwera ndi Java, chinenero chimene FreeMind ndi Freeplane zinalembedwera, amamva kope limenelo.

Kupinda ndi kutambasula nthambi ndi chinthu chimene owerenga amachikonda, ndipo kale chinkachitika ndi Flash kapena ndi applet ya Java, timapulogalamu toyenda m'kati mwa browser. Njira ziwirizi zinafa: Adobe inasiya kuthandiza Flash pa 31 December 2020, ndipo ma browser a masiku ano satsegulanso ma applet. Mukapeza template yodalira chimodzi mwa ziwirizi musataye nthawi kuitsitsimutsa. HTML yokha ili ndi `details` ndi `summary` zimene zimachita ntchito yomweyo popanda JavaScript: mutu wa nthambi umalowa mu `summary`, ana ake amalowa pansi pake, ndipo template ingathe kuwerenga `FOLDED="true"` m'mapu kuti nthambi imene munaipinda ituluke yopindika, zinazo zipatsidwe `open`.

Pa malinki a m'kati mwa tsamba, gwiritsani ntchito `ID` ya nthambi osati nambala ya malo amene yakhala. Mukamanga linki pa mfundo yakuti iyi ndi nthambi yachitatu, tsiku limene mudzaike ina pamwamba pake malinki onse amene anthu anasunga adzawafikitsa kolakwika, pomwe `ID` imatsagana ndi nthambi kulikonse kumene mwaisunthira m'mapu omwewo.

Zilembo, zithunzi ndi njira za mafayilo

Mukaona Åµ pamalo pa ŵ, kapena Ã© pamalo pa é, dziwani kuti tsamba linalembedwa mu UTF-8, njira yosungira zilembo za zinenero zonse, koma browser ikuliwerenga ngati lalembedwa m'kalembedwe kakale ka Windows. Mankhwala ake ndi kunena UTF-8 m'malo awiri, mu `xsl:output` komanso mu `meta charset` kumutu kwa tsamba, ndi kuonetsetsa kuti fayilo ya template yomweyo yasungidwa mu UTF-8. Pamene muli pomwepo ikaninso `lang` pa `html`, imene kwa Chichewa ndi `ny`, ndipo mumasulire mawu a pa mabatani kuti wowerenga aone Kumbuyo, Kutsogolo ndi Zam'katimu m'chinenero chimodzimodzi ndi nkhaniyo.

Zithunzi zimene zimaoneka pa kompyuta yanu koma n'kusowa mukakweza masamba pa seva, kompyuta yosunga masamba a pa intaneti, zimakhala ndi chimodzi mwa zifukwa ziwiri. Mwina njira yake ikuyamba ndi `C:\Users`, malo amene ali pa kompyuta yanu yokha, ndiye muyenera kuisintha kuti ilozere foda ya pafupi ndi tsamba, monga `zithunzi/chizindikiro.png`. Apo ayi, dzina lalembedwa mosiyana pa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: Windows imaona `Logo.PNG` ndi `logo.png` ngati fayilo imodzi, koma seva ya Linux imaziona ngati ziwiri zosiyana. Zolowerani kulemba mayina onse ndi zilembo zazing'ono popanda mipata.

Ma template ena amaika chithunzi cha mapu onse pamwamba, choti munthu akadina nthambi pa chithunzicho apite ku ndime yake. N'chokongola ndithu, koma malo odinawo amawerengedwa ndi ma pixel a chithunzi choyambirira, ndiye mukachichepetsa ndi CSS kuti chikwane pa foni, chithunzi chimachepa koma malo odina amatsala pomwe anali, ndipo wodina nthambi ya kumanja amapezeka kwina. Ngati owerenga anu ambiri ali pa foni, chisiyeni chithunzicho kukhala chongoonera, mulembe mawu ochifotokoza mu `alt`, ndipo kuyenda kuchitike ndi mndandanda wa mawu.

Zimene siziyenera kutuluka

Nthambi yopindika si nthambi yobisika. Anthu ambiri amalemba zawozawo m'mapu, monga ndemanga zodzikumbutsa, mayina a amene sanamalize ntchito yawo kapena mfundo zosakhwima, n'kuzipinda poganiza kuti sizioneka, koma template imawerenga fayilo yonse ndipo imatha kuzitulutsa zonse. Kuzibisa ndi `display: none` mu CSS sikuthandizanso, popeza mawuwo amakhalabe mu fayilo ya HTML ndipo aliyense wodina Ctrl ndi U amawawerenga. Njira yodalirika ndi kusankha chizindikiro chimodzi, kaya kachithunzi kapena `attribute` yotchedwa chinsinsi, n'kulemba lamulo la XSLT logwira nthambi zonse zokhala nacho koma losalemba kanthu, kotero kuti nthambiyo pamodzi ndi ana ake onse isafike n'komwe pa tsamba. Ikani nthambi yotere m'mapu oyesera aja, mulembemo liwu lachilendo losapezeka kwina, ndipo mukatulutsa masamba mulifufuze m'mafayilo onse otuluka.

Kusunga ndi kugawana

Template ikayamba kugwira ntchito bwino, sungani zonse za iyo mu foda imodzi: fayilo ya XSLT, ya CSS, tizithunzi, mapu oyesera, ndi kafayilo ka mawu konena template imene munakopera, kope la pulogalamu limene munayesera, ndi zimene mwasintha pa tsiku lililonse. Amene amadziwa Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha m'mafayilo, aigwiritse ntchito, popeza ambiri mwa mafayilowa ndi mawu wamba ndipo kusiyana kwa kope la lero ndi la sabata yatha kumaoneka mzere ndi mzere. Amene saidziwa angokopera foda yonse n'kuilemba tsiku asanasinthe chachikulu. Ngati muli gulu, pakhale munthu mmodzi wosunga kope lovomerezeka, chifukwa aliyense akamakonza lake, posakhalitsa masamba a gulu limodzi amayamba kuoneka ngati ochokera m'manja mwa anthu osadziwana. Ma template amene mwasiya kugwiritsa ntchito achotseni pa mndandanda n'kuwasunga kwina, kuti wina wothamanga asasankhe yakale.

Mukaika kope latsopano la pulogalamu, yambani mwaona ngati template yanu ikuonekabe pa mndandanda, makamaka mu Freeplane kumene foda ya wogwiritsa ntchito imakhala ndi nambala ya kope m'dzina lake ndipo mungafunike kusamutsira foda ya xslt ku malo atsopano. Kenako tsegulani mapu oyesera, tulutsani masamba mu foda yopanda kanthu, muwaone pa kompyuta ndi pa foni, mufufuze liwu lachinsinsi lija, ndipo zonse zikakhala bwino ndi pamene mungatulutse mapu enieni.